Makingi Atatu ndi Mbewu Yanu ya Kudenga

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo, ngakhale zitenje zayamba kutizungulira kawiri m'chiuno. Ndiyambe ndi yokoma. Malita wanu uja wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali nawo ndi wanu. Akati alire, kwa Kawinga konse amadziwa kuti mdzina wanu wadzuka. Bambo ake anawoloka ku Mozambiki kukasaka ganyu. Akuti akubwera, koma alamu anga aja mukuwadziwa inu.

Chikuikireni m'manda, mvula yolongosoka sitinaione. Chaka chatha chimanga chinapserera chili m'mawondo, chotsalacho mbozi zinamaliza. Ku Chiuta madzi athawa, mabwato angokhala pamatope, azimayi akukumba nyika, mizu ya zomera za m'madzi ija, kuti ana agone atatafuna kanthu. Ine ndikadali pamalo panu paja mumsika wa Balaka ndi timilu ta matemba, koma ogula amangonunkhiza, kufunsa mtengo, basi ulendo.

Tsono musakwinye nkhope, ndikuuzeni: ndimasewera makadi pafoni. Eee, njuga, itchuleni choncho, sindikana. Amaitcha poka. Aliyense amalandira makadi awiri obisika, ena asanu amagwa pakati pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse umasankha kuponyapo ndalama kapena kutaya makadi ako. Anzako suwaona nkhope, umangoona zochita zawo. Matebulo anga ndi a ndalama zamandasi, ndipo mpamba wa nsomba sulowako ngakhale tsiku limodzi. Masiku ena ndimadyedwa, koma kudekha ndinatengera inu, moti pakutha pa mwezi pamatsala kanthu.

Mwezi wathawu Malita anandiimbira. Ufa unali utatha, gaga atatha, m'mawere mopanda kanthu, mwana akungolira. Anati, "Achemwali, likafika Loweruka opanda kanthu, mbewu ya amayi ija nditsitsa ndikagayitse." Sindinamukalipire, iyayi, mayi woyamwitsa sumuuza za chaka chamawa. Koma mtima unandiwawa zedi. Ndi chimanga chamakolo chija agogo anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki, cholimba chija anankafumbwe amachilephera, chimene munachimangirira nokha kudenga la kukhitchini musanadwale. Chimenecho sichigulidwa musitolo.

M'foni ndinali nditasonkhanitsa zokwanira ndowa imodzi ya chimanga kwa mavenda. Lachisanu masana, msika uli zii, ndinati ndikhaleko pang'ono ndipeze yokwerera basi, kenako nditulutse zonse. Ndinalandira makingi awiri. Atagwa makadi atatu oyamba, taonani kingi wachitatu! Mtima unachita kuvina. Ndinaponya, ena onse anathawa, kutsala munthu mmodzi amene ndinamutcha a Fulu. Sindikudziwa ngati ali ku Zomba kapena kutsidya kwa nyanja, koma ndasewera nawo masabata ambiri, ndipo satulutsa mutu wamba. Amangotaya, kutaya, kutaya, tsiku limene atulutse mutu ndiye kuti ali nazo.

Khadi lachinayi litagwa ndinaponyanso, iwo n'kulondola ndi ndalama zofanana. Apa theka la ndowa yanga linali lili pakati. Khadi lomaliza linagwa la chizindikiro cha mtima, kukhala mitima itatu patebulo. Amayi, makadi asanu a mtundu umodzi amagwetsa makingi atatu, ndiye ngati munthu anabisa mitima iwiri m'manja, anali atandipitirira. Ndinayamba ndaima kaye osaponya. A Fulu, anthu ogona aja, anakankha ndalama zawo zonse kamodzi n'kamodzi.

Kamzere ka nthawi kanayamba kufupika. Ndikalondola n'kupambana, Malita alandira ndowa ziwiri ndi mchere womwe. Ndikalondola n'kugwa, ndipita kumudzi chimanjamanja, mbewu yanu ilowa m'chigayo. Ndikataya, ndatsala ndi theka la ndowa, theka linalo ndapereka kwa munthu amene mwina akungondiopseza. Abiti Saidi a tomato aja, amene amati makadi ndi haramu, tchimo lenileni, koma khosi lili paphewa panga, anandinong'oneza kuti, "Mafumu atatu sathawa, mwana iwe, dinapo!" Chala chinali kale pamwamba.

Pamenepo ndinakuonani inu padoko la Chiuta, ine ndili kamtsikana konyamula dengu. Munali mutapereka chikole pa mtanga wa milamba yowamba, yonyezimira bwino pamwamba. Mwini wake anali bambo uja wosafulumira kugulitsa, koma tsiku limenelo ankachita kukukakamizani kuti mumange msanga. Munamuyang'ana, munapisa dzanja pansi pa mtanga, n'kulinunkhiza, n'kundiuza kuti tiyeni. Ine ndinalira chikole chija njira yonse mpaka pa Ntaja. Inu munangoti, "Chikole chapita chapita, usatume mpamba kukachilondola. Ndipo munthu wozizira akayamba kuthamanga, usamufunse chifukwa."

Mtanga wa a Fulu sindikanatha kuupisa dzanja, koma kuthamanga kwawo ndinakuona. Pa masabata onse aja sindinawagwirepo akuopseza ndi manja opanda kanthu. Ndalama zili pakati zija sizinalinso zanga, zanga zinali zimene zatsala. Ndinataya makingi atatu, ndinatseka foni, ndinaiika m'chitenje. Abiti Saidi anaomba m'manja ngati aona maliro.

Makadi a a Fulu sanaonekere. Munthu ukataya, mnzako sakakamizidwa kuonetsa. Mwina anali nayo mitimayo, mwina anandiseka tsiku lonse. Poyamba zinkandiluma, kunama n'kulakwa. Koma ndabwereza nkhaniyi m'mutu kambirimbiri, ndipo atandipatsanso makadi omwewo, munthu yemweyo, ndi mbewu yanu ili kudenga, nditayanso osaphethira.

Loweruka ndinagula theka la ndowa, yokwerera ndinatapa pa matemba a tsikulo, ndipo wachigayo anandionjezera gaga chifukwa ankakudziwani. Malita ataona kathumbako sanabise, anati n'kochepa. Ndinati inde n'kochepa, koma tiphika phala, tisakaniza ndi gaga, tikankha. Analowa m'khitchini, anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kutuluka osakhudza kanthu. Sabata iliyonse ndakhala ndikumutumizira timatemba ndi kaufa kamene ndapeza, ndipo mkaka wabwerera.

Kenako mvula inagwa, Amayi, yeniyeni, yonunkhira dothi. Ndinakwera pampando ndekha kumasula zisononkho zija. Mfundo zake zinali zanu, zomanga kawiri zija, zakuda ndi mwaye, ndipo ndinalira ndisanamasule yoyamba. Tinatonola usiku usanagwe, m'mawa mwake tinabzala munda wa kumtsinje wonse, mdzina wanu ali kumsana kwa mayi ake. Lero ndikulemba pano chamera, mizere yonse, masamba atatuatatu.

Njala sinathe, iyayi. Tikadali ndi miyezi yowawa kutsogoloku, ndipo m'mudzi ena anadya mbewu zawo, sindiwaseka. Koma yathu ili m'nthaka, kumene chigayo sichifika, ndipo ine sindikuopa.

Mundiperekere moni kwa ababa, muwauze kuti njinga yawo ikuyendabe. Ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka ndikamapisa dzanja pansi pa mtanga. Ndikulonjeza kuti tikakolola ndisankha zisononkho zazikulu, ndizimanga kawiri pa mtanda wa kudenga womwe uja, ndipo kamtsikana kotchedwa dzina lanu kakadzakula kadzazipeza pomwepo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere