Tchalitchi cha Miyala Chomwe Thoko Anakayeza

Amayi,

Kaya kukucha bwanji uko muliko? Ife kuno kutsidya kwa nyanja, ku Germantown, tilipo. Mkazi wa mng'ono wa bambo a Thoko wachira kwawo ku tauni ya Bowie, mwana wamwamuna wonenepa bwino. Maungu aja ndinadzala kuseri kwa nyumba, agwape amaliza nkhwani, ndangokolola awiri okha.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Thoko. Mukukumbuka mmene ndinakalipira atakana unamwino n'kusankha zojambula mapulani a nyumba? Ndinakuimbirani foni ndikulira. Inu munangoti, "Iwe, mwana saumbidwa m'chikombole ngati njerwa." Ine osamva. Ndinatha miyezi osamufunsako za sukulu.

Chaka chino yunivesite yawo inamutumiza ku Mangalande kukayeza tchalitchi cha m'mudzi wina, chomangidwa ndi miyala zaka mazanamazana zapitazo. Loweruka, nditangoweruka kuntchito, anayala zojambula zake patebulo. Amayi, zonsezo ndi dzanja lake! Nsanja ya mabelu, kakhonde kolowera, zipilala zokakumana pamwamba mosongoka ngati manja a munthu wopemphera. Pafupi ndi khomo pali chobatiziramo chosemedwa ku mwala umodzi. Akuti anachiika pamenepo poti munthu amalowa mumpingo ndi ubatizo. Pakati pa anthu ndi guwa pali mpanda wamatabwa wogobedwa masamba, ndipo m'khoma muli kabeseni kotsukiramo chikho cha mgonero. Mwala wa pakhomo unachita kukumbika ndi mapazi a anthu.

Pamenepo ndinamupatsa kalata ya amalume. Alemba kuti khoma la tchalitchi chathu cha kumudzi, chija munaumbira njerwa, lang'aluka ndi mvula, moti anthu akupempherera panja. Thoko anawerenga pang'onopang'ono, n'kundilozera zipilala zonenepa zotsamira khoma kunja kwa tchalitchi cha miyalacho.

"Mami, denga limakankha khoma. Izi zimabweza," anatero m'Chichewa chake chopindikacho.

Anatenga pensulo, osadzukanso pampando. Pofika madzulo tchalitchi cha kwathu chinali papepala, zochirikiza zake mbali zonse ziwiri. M'kati anajambulamo benchi yomangidwa m'mbali mwa khoma. Akuti kale ku Mangalandeko anthu ankapemphera choimirira, okalamba ndi odwala okha ndi amene ankakhala pabenchi yotere.

"Agogo ankavutika kudzuka pamphasa," anatero.

Amayi, mwanayu tinachoka naye kumudzi ali wamng'ono kwambiri, koma anakuonani mukugwira bondo. Ndinathawira kubafa kukalira. Potuluka ndinamupepesa pamaso pa bambo ake, ine mayi wake, ndipo sindinachite manyazi.

Mapulaniwo tawatumiza dzulo kwa amalume. Akulu a mpingo mumawadziwa. Akawakana poti wajambula ndi mtsikana, ndikulonjeza, ndikwera ndege ndikawayankhe ndekha, pakamwa panu paja ndinatengera.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinta