Kachikho ka pa benchi yomaliza

Lamulungu, 2 Marichi
Abusa andilakwira lero. Kulengeza pamaso pa mpingo wonse kuti dalaivala uja wabwezeretsedwa ku Mgonero, osayamba andiuza ine. Munthu anagunda mwana wanga ataledzera, nkukhala kundende zaka zitatu zokha. Wanga ali m'manda chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndipo sabata yamawa wogawa tizikho ndine.

Lachiwiri, 4 Marichi
Ndinapita kwa abusa. Ndati chilungamo cha Mulungu mumalalikira chija chili kuti? Iwo ati, "Bambo, Mulungu sanaiwale magazi a mwana wanu. Koma mlandu wa wolapa unagwera pamtanda." Ndati ine sukulu ndinalekeza sitandade 5, koma ndimadziwa kuti wolakwa ndiye amalangidwa. Ati, "Nanga inu zanu munalangidwa nazo liti?" Ndangotenga chipewa changa.

Lachitatu, 5 Marichi
Chakudya sichikutsika.

Lachisanu, 7 Marichi
Mayi a kunyumba akwiya. Ati, "Muzikana mbale choncho, tiika inu, iye ali moyo ndithu." Kenako ati dalaivala uja anamuona kumsika akusenza matumba, chiwongolero sagwiranso. Ndati nanga ine ndivine? Mwana anali wawonso, nthawi zina ndimaiwala.

Loweruka, 8 Marichi
Ndatsuka tizikho ndekha m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Dalaivala uja amakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Nditathira mopereweza, tizikho tingathe ndisanamufike, ndipo palibe angandinene. Ndinabweza tiwiri m'kabati. Ndinakhala pansi. Ndinatitulutsanso. Bondo likupweteka.

Lamulungu, 9 Marichi
Dalaivala uja wakalamba, imvi mbuu, jekete yobwereka. Ndafika ndi thireyi, iye wapukusa mutu, maso pansi. Wanong'ona, "Pitirirani bambo, m'manja mwanu sindingalandire." Nyimbo yatha ine ndili chiimire, tizikho tikugundana, mpingo wonse wacheuka. Ndati, "Tenga iwe. Si magazi anga awa, ine ndangotumidwa." Watenga ndi manja awiri.

Kaya kukhululuka ndi kumeneku, sindikudziwa. Mumtima mukadali mowawa. Za mwana wanga Mwini wake akandiyankhe ndikafika, funso ndalisunga.

Mayi a kunyumba akuitana kachiwiri, ati zizizira. Ndipite ndikadye.