Nsanza za m'boti la bambo

Lolemba, 9 Novembala
Lafika. Boti la bambo, lija tinagulitsa atamwalira. Zaka makumi awiri ndikulilota, lero ndi langa. Kunja penti yatsopano. M'kati fungo la nsomba zowola ndi mkodzo wa makoswe. Nseru tsiku lonse. Nyengo yopha nsomba itsegulidwa pa 1 Disembala, ndipo ine, munthu wa choko, hamala sindiidziwa.

Lachitatu, 11
Mmisiri wa maboti anabaya thabwa ndi chala, chala n'kulowa. "Aphunzitsi, penti mwagula. Nanga boti mugula liti?" Alamu anaseka mpaka kukhala pansi. Wogulitsa uja anamata powola ndi utuchi ndi guluu, n'kupaka penti. Ankandipatsa moni ndi manja awiri. Anthu alibe manyazi.

Loweruka, 14
Kupala, kupala. Pansi pa matabwa matope akuda, mamba, mphutsi. Mayi a kunyumba akuti ndizidyera pakhonde mpaka ndisiye kununkha. Koma kampando kakumbuyo kalipo. Ndinkakhala pamenepo ndi chitini chokapira madzi, bambo akupalasa, akuimba mluzu. Munthu wofatsa ngati iwo sindinamuonenso.

Lachinayi, 19
Tikuzula nsanza zaphula zimene amatsekera m'mipata ya matabwa. Zakutsogolo n'zakale, zouma gwaa, ntchito ya bambo. Ndinafunyulula imodzi. Pakati phula silinalowe. Nsalu yachikasu, timaluwa tofiira.
Diresi ya amayi.
Inasowa pachingwe ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anati aba ndi azakhali, amene tinkakhala nawo. Azakhali analumbira, analira, ananyamula sutikesi yawo. Bambo ali phee, akudya. Mlongo wawo weniweni akutchedwa wakuba pamaso pawo, iwo osakweza ndi mutu womwe.

Lachisanu, 20
Kuboti sindinapiteko. Ndasamba m'manja kangapo.

Lachiwiri, 24
Mmisiri akuti nsanza zakalezo tizisiye. "Mkulu ameneyu ankaidziwa ntchito, apa sipangalowe madzi. Tikazula zonse, pa 1 patipitirira." Ankaidziwadi. Zaka zonsezi boti silinawamize. Amene anamira ndi azakhali, pamtunda. Amayi mpaka anamwalira osawapatsanso moni. Inenso, paukwati wanga, sindinawaitane.
Ndamuuza azule zonse. Alamu akuti ndapenga.

Lachiwiri, 1 Disembala
Maboti a anzanga alowa m'madzi. Langa lagona chafufumimba pamatayala, mipata ili yasaa. Ine pa basi, kansalu kali m'thumba la malaya. Ndakachapa katatu, fungo la phula silikuchoka. Akuti azakhali saonanso, koma mawu amazindikira. Kachikasu sakaona. Ayenera kungokhulupirira ine, mwana wa nyumba imene sinawakhulupirire.
Basi yaima. Khomo lawo ndi ilo, lotsegula. Ndinakonza mawu njira yonse, koma ndingoyamba ndi odi.