Loko pa Boneti

Lachitatu, tsiku londinyansa.

Bambo a Tadala akhala akunena kuti mchimwene wanga Yohane amawabera oyilo m'galimoto. Anamuthamangitsa pakhomo pano, n'kugula loko kukhoma boneti. Oyilo osasiya kutha. Chonsecho tikamakwera mtunda wa ku Bangwe, utsi wabuluu umachita kutsokomoletsa akabaza kumbuyoku. Bambo a Tadala amvekere ndi petulo woipa.

Lero makaniko wa ku Ndirande watsegula injini. Maring'i a mapisitoni anatha kalekale, injiniyo imawotcha yokha oyiloyo. Wasintha, utsi watheratu.

Ndawafunsa amuna angawo kuti, "Nanga Yohane mukamupepesa liti?"

Akuti, "Mayi a Tadala, musandiyambe."

Munthu wamkulumkulu, ndevu pepeya! Loko uja akadali pa boneti. Kaya akuopa kuti wakuba weniweniyo angathawe.