Mikanda ya Adokotala ndi Muphwa Wanu

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya muphwa wanu. Wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, koma thupi likukana kusuntha. Anzake mawu anasintha kalekale, ena ayamba kumeta ndevu, iye akuvalabe yunifolomu ya chaka chadzana. Kusukulu amamutcha Kachitsa. Akaweruka amangodzitsekera kuchipinda, ndipo poti khoma lathu ndi lopyapyala, ndimamumva akulira.

Pepani, ndilemba zimene mlongo salembera mlongo wake. Kuchipatala akuti kuti adziwe ngati mnyamata wayamba kukula, amayeza mavalo. Dokotala woyamba, bambo wachikulire, ali ndi chingwe cha mikanda yooneka ngati mazira, kuyambira waung'ono mpaka waukulu, uliwonse ndi nambala yake. Amayerekeza mpaka apeze mkanda wofanana. Iye anati kukula kwayamba, tingodikira. Tinatuluka tikumwetulira.

Ulendo wachiwiri tinapeza bambo uja ali patchuthi, ndiye anatitumiza kwa mayi wina wa makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Nambala inatuluka yocheperapo. Mwanayo anaiona pakompyuta, ndipo kuchokera tsiku limenelo akukhulupirira kuti akubwerera m'mbuyo. Mayiyo anafotokoza kuti mikanda imawerengera ndi khungu lomwe, choncho imawonjezera, pamene makina amaona zamkati zokha. Akuti nambala za njira ziwirizi sizisakanizidwa. Ndabwereza zimenezi mpaka kukamwa kuuma, koma samva.

Tsono wamikanda akuti tidikire, wamakina akuti mwina afunika jakisoni womuyambitsa kukula. Agwirizana kuti amuyezenso njira zonse ziwiri pakatha miyezi ingapo, anthu omwewo, chipatala chomwecho. Tikachoka, zonse ziyambiranso, ndipo mzere wake ndi wautali. N'chifukwa chake tchuthi chino sitibweranso kumudzi. Ndimangozungulira kuntchito kwanga kochapa nsalu za kuhotela, kuchipatala ndi kunyumba ngati mbuzi yapachingwe. Ndatopa, achimwene, ndipo pothawira palibe.

Chopweteka kwambiri n'chakuti lamulo lawo limafuna kholo likhale m'chipinda momwemo pamene akumuyeza. Bambo ake akanakhala moyo, bwenzi akulowa ndi iwowo. Ine ndimakhala pampando wapakona nditayang'ana kukhoma, n'kumawerenga chipepala cha kasambidwe ka m'manja, moti ndachiloweza. Tikatuluka, m'basi amakakhala kutali ndi ine. Dzulo wandiuza kuti sapitakonso, bola akhale Kachitsa moyo wake wonse.

Pempho langa ndi limodzi. Madokotala onse awiri anandifunsa ngati amuna a m'banja mwathu amachedwa kukula. Akuti zimayenda m'magazi, ndipo ngati zili choncho, mwina jakisoniyo safunika. Ndinayankha kuti sindikudziwa. Koma pobwerera ndinakumbuka kuti inu munkaimba mawu oyamba m'kwaya pamodzi ndi ife atsikana mpaka muli kusekondale, ndipo amayi ankakupindirani thalauza. Lero polowa pakhomo mumachita kuwerama! Musandikwiyire pokumbutsa zimenezi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili mkazi yekha sangalifikire.

Muimbireni Lamlungu masana. Foni ndimusiyira iye, ine ndikakhala pamasitepe panja mpaka mumalize. Mumuuze chaka chimene mawu anu anasintha, kuti tikawayankhe madokotalawo, ndipo mumuchonderere apite kukayezedwanso. Za mikanda ndi makina wazimva zokwanira. Chimene sanamvepo ndi mawu a mwamuna wamtali amene anayamba wakhalapo kachitsa.

Moni kwa alamu, ana onse ndi azakhali. Amayi muwauze kuti tili bwino, zinazi asazimve, angasowe tulo.

Ndine mlongo wanu wodikira Lamlungu,
Make muphwa wanu