Musatumizenso Ufa Uja

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Katete pamodzi ndi onse pakhomo. Kuno ku Kabushi ana ali bwino, ndipo bambo awo, a Phiri, akuyendetsabe minibasi. Ine ndi amene ndinadwalako.

Mwezi watha ndinayamba kutuluka chikazi chotuwa, chonunkha ngati nsomba. Ndinaganiza kuti a Phiri anditengera matenda kunja, ndipo tinasiya kulankhulana m'nyumba. Iwonso ankandikayikira ine.

Tsiku lopita ku kiliniki ndinatsuka mkati ndi sopo n'kuikamo ufa wa mitengo umene munanditumizira, monga ndinkachitira masiku onse, kuti ndisakachite manyazi. Anesi atandiona anati, "Mayi, mwatsuka zonse, nanga ine ndiyeza chiyani? Mubwere mawa osalowetsako kanthu."

M'mawa mwake anatenga chikazicho ndi kathonje n'kukayeza. Anati si matenda opatsirana pogonana ayi. Sopo ndi ufawo ndi zimene zinapha tizilombo tabwino toteteza mkatimo, toipa n'kuchulukana. Anandipatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti ndizingosamba kunja kokha ndi madzi. Fungo linatha, ndipo a Phiri ndinawapepesa.

Paja munati ufawo ndi womangira banja. Langa unatsala pang'ono kulipasula. Chonde musatumizenso, ndipo mdzukulu wanu Tisa, amene mukumulangiza za ukwati, musamupatse. Mukamatumiza katundu pa basi, muziikamo mtedza basi.

Mulungu akusungeni ndi moyo.

Ndine mwana wanu,
Amake Daliso