Wachibwibwi Uja Waimba pa Misa

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji? Mimba ija ikukulabe? Kuno tili bwino, ndipo tapambana!

Mng'ono wanga uja anasiya kupita kusukulu chifukwa anzake ankamutsanzira chibwibwi chake. Ine ndinapitako nditapinda malaya. Asisitere aakulu akuti, "Iwe, nkhonya zakozo uzisiye pageti, khala pansi." Atamva zonse anaitana anyamatawo ndi makolo awo, kenako anamuyesa mwanayo kuimba. Amalume, poimba sakodwa ngakhale pamodzi!

Lachisanu pa Misa ya sukulu waimba salimo yekha, mkulu wa omuseka aja atamugwirira buku. Pano akumadzuka yekha, n'kumatikalipira kuti timuchedwetsa.

Nthawi yanga ija, pamene nanenso ndinasiya sukulu, pakanakhala asisitere ngati amenewa, bwenzi ine... basi, tisiye, mungalire.

Ndine mphwanu wosamva uja.